Chomwe Wasiya Ndiwo Mtengo Wake: Mfundo ya Ricardo ndi Phindu la Malonda Pakati pa Mayiko

Anthu akamakambirana za chuma cha dziko, kaya pa wailesi, m'Nyumba ya Malamulo kapena m'kalasi, funso limodzi silisowa: n'chifukwa chiyani timagula kunja zinthu zomwe tingathe kupanga tokha? Pambuyo pake pamabwera lina lowawa kwambiri: dziko losauka, lopanda makina ndi misewu yabwino, lingapindule chiyani pochita malonda ndi dziko loliposa pa chilichonse? Mayankho ake ali m'maphunziro oyambirira a zachuma, ndipo atsamira pa mfundo zitatu zolumikizana: mtengo wa chomwe munthu wasiya posankha china, kusiyana kwa mtengo umenewo pakati pa anthu kapena mayiko, ndi phindu lomwe limabadwa osiyanawo akasinthana katundu. Mfundozi ndi zoona ndipo zinayesedwa. Koma sizilonjeza zonse zomwe anthu ena amalonjeza m'dzina lake, ndipo wozimvetsa bwino ayenera kudziwanso pomwe zimalekezera.

Mtengo womwe sulembedwa pa lisiti

Chilichonse chomwe munthu amagwiritsa ntchito chili ndi malire ake: munda, maola a tsiku, ndalama, ngakhale mphamvu za m'thupi. Ekala yomwe wabzalapo fodya sungabzaleponso chimanga dzinja lomwelo. Akuluakulu anaziona kale izi pomwe ankati mapanga awiri avumbwitsa. Kusankha chinthu ndi kusiya china, choncho mtengo weniweni wa chomwe wasankha si ndalama zokha zomwe zatuluka m'thumba, koma chinthu chabwino koposa chomwe ukanapeza ukanasankha mwina. M'mabuku a zachuma mtengo umenewu amautchula kuti opportunity cost, ndipo katswiri wa ku Austria, Friedrich von Wieser, ndi mmodzi mwa omwe anaukhazikitsa m'maphunzirowa zaka zoposa 100 zapitazo.

Ganyu wa m'nyengo ya mvula amaionetsa bwino mfundoyi. Mu Januwale, chakudya chitatha m'nyumba, mlimi amasiya munda wake n'kukapalira kapena kubandira m'munda mwa wina kuti ana adye tsikulo. Chomwe walandira n'chogwirika. Chomwe wataya sichioneka msanga: ndi chimanga chake chomwe chatsala chikulimbana ndi udzu, ndipo kuchepa kwake kudzadziwika pokolola. Mlimiyo amadziwa bwino zomwe akutaya, koma njala ya lero sidikira zokolola za mu Epulo. Mfundoyi simuweruza. Imangotithandiza kuona kuti ganyuyo ali ndi mtengo wina pamwamba pa thukuta, ndipo n'chifukwa chake banja lomwe lagwira ganyu kwambiri chaka chino kawirikawiri limadzagwiranso chaka chamawa.

Wophunzira wa ku koleji salipira fizi yokha. Amasiyanso ndalama zomwe akanapeza zaka zimenezo akanalowa ntchito kapena kuyamba geni. Boma nalo lili m'goli lomweli. Ndalama zomwe zapita ku feteleza wotsika mtengo sizingamangenso damu la ulimi wamthirira kapena kugula mankhwala a m'zipatala. Izi sizikutanthauza kuti fetelezayo ndi wolakwika, koma kuti pomuyamikira tiyenera kumuyeza ndi zomwe ndalamazo zikanachita kwina. Mu 1850 mlembi wa ku France, Frédéric Bastiat, analemba nkhani yonse yochenjeza za vuto limeneli: anthu timawerenga zotsatira zooneka ndi maso n'kuiwala zomwe zalephereka chifukwa cha chisankho chomwecho.

Powerengera mtengowu pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, timayeza ndi chinthu chimodzi chokha, chabwino koposa mwa zomwe tasiya, chifukwa sitikanatha kuchita zonse nthawi imodzi. Chachiwiri, ndalama zomwe zinalowa kale ndipo sizingabwezedwe siziwerengedwa posankha za mawa. Madzi akatayika saoleka. Munthu yemwe akuthirabe ndalama mu bizinesi yakufa chifukwa choti anathiramo kale zambiri akuyang'ana kumbuyo pomwe chisankho chili kutsogolo.

Adam Smith ndi funso lomwe analisiya

Kwa zaka mazana angapo, olamulira ambiri ku Ulaya ankakhulupirira kuti chuma cha dziko ndi golide ndi siliva wosungidwa m'nkhokwe za mfumu. Kugulitsa kunja kunali kupambana, kugula kunja kunali kugonja. Mu 1776, Adam Smith wa ku Scotland anatsutsa maganizowa m'buku lake lotchedwa The Wealth of Nations. Iye anati chuma ndi katundu yemwe anthu angadye, kuvala ndi kugwiritsa ntchito, ndipo njira yomuchulukitsira ndi kugawana ntchito. Telala sasoka nsapato zake, amagula kwa wosoka nsapato. Wosoka nsapatoyo naye amapita kwa telala. Smith anaperekanso chitsanzo cha dziko lakwawo lozizira: ndi nyumba zagalasi ndi moto, mphesa zikhoza kulimidwa ku Scotland n'kupanga vinyo wabwino, koma pa mtengo woposa wa vinyo wakunja pafupifupi ka 30. Kuletsa vinyo wakunja pofuna kuteteza ulimi woterewu kukanakhala kuwononga chuma.

Mpaka apa palibe chovuta. Mpunga wa ku Karonga, mbatatesi ya ku Dedza ndi nsomba za ku Mangochi zimakumana m'misika ya ku Lilongwe popanda wodandaula, chifukwa dera lililonse likubweretsa chomwe limachita bwino kuposa anzake. Koma nanga dziko lomwe silipambana pa chinthu chilichonse? Nanga lomwe limapambana pa zonse? Ngati muyeso ndi wakuti ndani amapanga chinthu ndi mphamvu zochepa, ndiye kuti loyambalo lilibe chogulitsa ndipo lachiwirilo lilibe chifukwa chogulira. Funso limeneli linadikira zaka 41.

Manambala anayi a Ricardo

David Ricardo anabadwira ku London mu 1772, analemera pogula ndi kugulitsa masheya ndi ngongole za boma, ndipo mu 1817 anatulutsa buku la On the Principles of Political Economy and Taxation. M'mutu wa malonda akunja anayerekeza mayiko awiri, England ndi Portugal, ndi katundu wa mitundu iwiri, nsalu ndi vinyo. Ku England, muyeso umodzi wa nsalu ufuna anthu 100 kugwira ntchito chaka chonse, ndipo muyeso umodzi wa vinyo ufuna anthu 120. Ku Portugal, nsalu yomweyo ifuna anthu 90, vinyo yemweyo anthu 80. Manambalawa anali ongopeka pofuna kufotokozera, koma anawasankha dala kuti dziko la Portugal lipambane pa zonse ziwiri.

Tsopano tisiye kufunsa kuti wachangu ndani, tifunse kuti aliyense akusiya chiyani. Dziko la England likafuna muyeso umodzi wa vinyo, liyenera kuchotsa anthu 120 ku ntchito yoluka, ndipo anthu amenewo akanaluka nsalu yokwana 1.2. Dziko la Portugal likafuna vinyo yemweyo lichotsa anthu 80, omwe akanaluka nsalu yokwana pafupifupi 0.89. Vinyo ndi wotchipa ku Portugal, poyeza ndi nsalu yosiyidwa. Tikatembenuza, zinthu zisintha. Muyeso umodzi wa nsalu ku England utayitsa vinyo wokwana pafupifupi 0.83, pomwe ku Portugal utayitsa vinyo wokwana 1.125. Nsalu ndi yotchipa ku England, ngakhale kuti Angerezi akuiluka ndi anthu ambiri kuposa Apwitikizi. Ichi ndicho chomwe mabuku amachitchula kuti comparative advantage: kupanga chinthu motaya zochepa kuposa mnzako.

Phindu lake likuwerengeka. Popanda malonda, anthu 220 a ku England apanga muyeso umodzi wa nsalu ndi umodzi wa vinyo, ndipo anthu 170 a ku Portugal achita chimodzimodzi. Pamodzi ndi miyeso 2 ya nsalu ndi 2 ya vinyo. Anthu 220 aja onse akamaluka, nsalu ikwana 2.2. Anthu 170 aja onse akamafulula, vinyo akwana 2.125. Palibe yemwe wawonjezera maola, palibe makina atsopano, koma zonse ziwiri zachuluka. Akamasinthana muyeso umodzi ndi umodzi, dziko la England lipeza vinyo ndi thukuta la anthu 100 m'malo mwa 120, ndipo la Portugal lipeza nsalu ndi thukuta la anthu 80 m'malo mwa 90. Anthu 20 uku ndi 10 uko amasuka kukapanga zina.

Mmisiri womanga nyumba amachita masamu omwewa tsiku ndi tsiku. Amatha kukanya simenti ndi mchenga msanga kuposa mnyamata womuthandiza, komabe amamulemba ntchito, chifukwa ola lomwe mmisiri wagwira fosholo ndi ola lomwe khoma silinakwere. Mnyamatayo samuposa mmisiri pa chilichonse, koma ali ndi malo ake pa ntchitoyo, ndipo nyumba imatha msanga chifukwa cha iye.

Pali chinthu chimodzi chosathawika m'masamuwa. Dziko likhoza kupambana anzake pa katundu yense, koma silingataye zochepa pa katundu yense, chifukwa kutchipa kwa vinyo poyeza ndi nsalu ndiko kukwera mtengo kwa nsalu poyeza ndi vinyo. Choncho ngakhale dziko lotsalira motani lili ndi china chake chomwe lingagulitse. Nthawi yokha yomwe malonda amasowa phindu ndi pomwe mitengo ya zosiyidwa ili yofanana ndendende mbali zonse ziwiri, kapena ngati ndalama zonyamulira katundu zameza kusiyanako. Ricardo anawerengera zonsezi ndi ntchito ya anthu yokha. Mu 1930, Gottfried Haberler anaonetsa kuti mfundoyi imaimabe ngakhale tiwerengere malo, makina ndi zina zonse, bola tikuyeza ndi chomwe chasiyidwa. Katswiri wa masamu Stanislaw Ulam anafunsapo katswiri wa zachuma Paul Samuelson kuti atchule mfundo imodzi m'maphunziro a za chikhalidwe cha anthu yomwe ili yoona koma yosadziwikiratu, ndipo yankho lomwe Samuelson anadzapereka patapita zaka linali mfundo ya Ricardo yomweyi.

Phindu ligawidwa bwanji?

Kuti mbali zonse zipindule, mtengo wosinthanirana uyenera kugwera pakati. M'chitsanzo chija, muyeso umodzi wa vinyo uyenera kugulidwa ndi nsalu yoposa 0.89 koma yosafika 1.2. Mtengo ukayandikira 1.2, phindu lalikulu lipita ku Portugal, ukayandikira 0.89, lipita ku England. Ricardo sananene kuti mtengowo udzakhazikika pati. John Stuart Mill ndiye anafotokoza pambuyo pake kuti zimatengera momwe mbali iliyonse ikufunira katundu wa inzake. Yemwe katundu wake akulimbiranidwa amatenga gawo lalikulu; yemwe akugulitsa chinthu chomwe ambiri ali nacho amatenga laling'ono.

Wina angafunse kuti dziko logwira ntchito pang'onopang'ono lingagulitse bwanji motchipa pa msika weniweni, pomwe ogula amayang'ana ndalama, osati masamu a m'buku. Yankho lili m'malipiro. Komwe munthu amapanga zochepa pa ola, malipiro amakhala otsika, ndipo katundu yemwe dzikolo latsalira naye pang'ono chabe amakhala wotchipa kuposa wa anzake. Umu ndi momwe dziko la Bangladesh lakhalira limodzi mwa mayiko ogulitsa zovala kwambiri padziko lonse, mpaka zovalazo kuposa magawo 80 pa 100 a katundu yemwe limatumiza kunja. Malonda sapangitsa dziko losauka kufanana ndi lolemera. Amalipatsa zambiri kuposa zomwe likanakhala nazo litadzitsekera. Ndipo mfundoyi si chilolezo chozunzira antchito. Nyumba ya Rana Plaza itagwa mu 2013, anthu oposa 1,100 anafa, ambiri mwa iwo osoka zovala. Palibe masamu a malonda omwe amafuna kuti anthu azigwira ntchito m'nyumba yong'aluka.

Umboni wochokera m'mbiri

Mfundo ya zachuma n'kovuta kuiyesa, chifukwa sungatseke dziko dala kuti uone zotsatira. Koma mbiri inapereka mayeso awiri. Kuyambira m'ma 1630, dziko la Japan linadzitsekera kwa zaka zoposa 200, kupatula malonda ochepa monga omwe ankachitika ku Nagasaki ndi anthu a ku Netherlands ndi ku China. Mu 1853 sitima zankhondo za ku America, motsogozedwa ndi Matthew Perry, zinafika kudzakakamiza kuti zitseko zitsekulidwe, ndipo mu 1859 madoko monga Yokohama anayamba kulandira amalonda akunja. Kutsekulako kunali kokakamiza, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Koma chifukwa mitengo ya m'dzikomo malonda asanayambe inalembedwa, akatswiri awiri, Daniel Bernhofen ndi John Brown, anatha kuyesa ngati Ricardo ankanena zoona. Anapeza kuti dzikolo linagulitsa kunja zomwe zinali zotchipa kwawo, makamaka ulusi wa silika ndi tiyi, n'kugula zomwe zinali zokwera mtengo, monga nsalu ndi ulusi wa thonje. M'kafukufuku wawo wa mu 2005 anawerengera kuti phindulo likhoza kufika magawo 8 kapena 9 pa 100 a chuma chomwe dzikolo linkapanga pachaka.

Mayeso achiwiri ndi otembenuza. Kuyambira mu Disembala 1807 mpaka mu Malichi 1809, boma la Thomas Jefferson linaletsa sitima za ku America kupita ku madoko akunja, pofuna kulanga Britain ndi France omwe ankasokoneza sitimazo pa nkhondo yawo. Douglas Irwin anawerengera kuti kudzitsekerako kunadyera America pafupifupi magawo 5 pa 100 a chuma chake cha pachaka. Manambala awiriwa akutiuza zinthu ziwiri: phindu la malonda ndi lenileni, komanso lili ndi malire. Malonda okha sasandutsa dziko kukhala lolemera.

Dziko likapindula, si onse apindula

Walira mvula walira matope. Masamu a Ricardo amaliona dziko ngati munthu mmodzi, koma m'dziko muli anthu ambiri. Dziko la Portugal likasiya kuluka, oluka nsalu a kumeneko ntchito yawathera, ndipo woluka wa zaka 50 sasanduka mlimi wa mphesa tsiku limodzi. Ricardo mwiniwake ankadziwa kuti malonda amagawanitsa anthu. Mu 1815 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa tirigu wakunja pokhapokha mtengo wa tirigu wa m'dzikomo utakwera kwambiri. Eni minda ikuluikulu ankapindula, ogula buledi ankalira. Ricardo analimbana ndi lamuloli m'zolemba zake komanso m'Nyumba ya Malamulo, momwe analowa mu 1819. Anamwalira mu 1823 lamuloli lidakalipo, ndipo malamulo oteteza tiriguwa anadzachotsedwa mu 1846 pansi pa nduna yaikulu Robert Peel. Zinatenga zaka 31 chifukwa omwe ankapindula anali ochepa, odziwana komanso amphamvu, pomwe otaya anali ambiri koma omwazikana.

Mu 1941, Wolfgang Stolper ndi Paul Samuelson anaonetsa mwa masamu kuti malonda akatsekuka, magulu ena m'dziko akhoza kusaukiratu ngakhale dziko lonse likulemera. Zaka zaposachedwa zatsimikiza zimenezi. Dziko la China litalowa m'bungwe la World Trade Organization mu 2001, ogula ku America anapeza katundu wotchipa, koma David Autor, David Dorn ndi Gordon Hanson anaonetsa mu 2013 kuti madera omwe mafakitale awo ankapikisana ndi katundu wa ku China anataya ntchito zambiri, ndipo anthu ochotsedwawo sanapeze ntchito zina msanga monga momwe mabuku ankayembekezera.

Kwathu kuno nkhani ya kaunjika ili ndi nkhope ziwiri zomwezi. Mayi yemwe waveka ana ake onse ndi ndalama zochepa wapindula zenizeni, ndipo wogulitsa pa msika wapeza pogwira. Telala ndi wantchito wa m'fakitale ya nsalu ataya makasitomala. Onsewa akunena zoona. Chomwe mfundo ya Ricardo imatsimikiza n'chakuti phindu la opindula ndi lalikulu moti akhoza kubwezera otayawo n'kutsalabe ndi kanthu. Siitsimikiza kuti adzawabwezeradi. Kubwezako, kudzera m'maphunziro a luso lina, ngongole zoyambira ntchito ndi chithandizo cha boma, ndi chisankho cha andale, ndipo kawirikawiri chimaiwalika.

Tiwonjezere kuti olalikira malonda omasuka sawatsata nthawi zonse. Mu 2003, mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula ku World Trade Organization kuti ndalama zomwe mayiko olemera, makamaka America, ankapatsa alimi awo a thonje zinkagwetsa mtengo wa thonje padziko lonse. Alimi a kumadzulo kwa Africa ankalima thonje motchipa, monga momwe mfundoyi imafunira, koma ankapikisana ndi thumba la boma la dziko lina.

Chomwe ukuchita bwino lero si chibadwa

Funso lalikulu koposa ndi ili: kodi kusiyana kwa mayiko kumachokera kuti? Kwina n'kwachilengedwe, monga nyengo, nthaka ndi miyala ya pansi. Eli Heckscher ndi Bertil Ohlin a ku Sweden anawonjezera kuti dziko limagulitsa katundu wofuna kwambiri chinthu chomwe lili nacho chochuluka, kaya ndi malo, anthu kapena makina. Koma kusiyana kwina kumapangidwa ndi anthu, kudzera m'sukulu, misewu, magetsi, malamulo ndi mphamvu za olamulira. Malonda a nsalu ndi vinyo omwe Ricardo anatengerapo chitsanzo anakula pansi pa pangano la Methuen la mu 1703, lomwe linalola nsalu zaubweya za ku England kulowa ku Portugal, posinthana ndi msonkho wotsika pa vinyo wa Apwitikizi poyerekeza ndi wa ku France. Ku Malawi, lamulo la mbewu zapadera linkaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa burley mpaka cha m'ma 1990. Anali wa maesiteti okha. Lamulo litamasuka, alimi a m'midzi ndiwo anakhala olima fodyayu kwambiri. Nthaka sinasinthe, linasintha ndi lamulo.

N'chifukwa chake panadzuka otsutsa. Alexander Hamilton ku America mu 1791 ndi Friedrich List wa ku Germany mu 1841 anati mafakitale ongobadwa kumene amafunika kutetezedwa mpaka atakhwima, chifukwa luso limabwera pogwira ntchito. Mu 1950, Raúl Prebisch ndi Hans Singer anachenjeza kuti mitengo ya mbewu ndi miyala imakonda kutsika poyerekeza ndi ya katundu wa m'mafakitale. Dziko la Zambia linamva kuwawa kwa kudalira chinthu chimodzi pomwe mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Kuno fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zochokera ku katundu wogulitsidwa kunja kwa zaka zambiri, pomwe mayiko ochuluka akulimbana ndi kusuta, ndipo Malawi nayenso anavomereza pangano la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya mu 2023.

Alipo mayiko omwe anasintha zomwe amachita bwino. South Korea inakhazikitsa kampani ya zitsulo ya POSCO mu 1968, pomwe World Bank inkaona kuti ntchitoyo singapindule, ndipo kampaniyo inadzakhala imodzi mwa zazikulu padziko lonse. Dziko la Mauritius linalandira ufulu mu 1968 likudalira shuga pafupifupi yekha. Mu 1970 linakhazikitsa lamulo lokopa mafakitale opanga katundu wotumiza kunja, ndipo linakula ndi zovala, kenako zokopa alendo ndi ntchito za mabanki. Koma tione bwino: mayiko awiriwa sanathawe malonda. Analowa mozama, ndipo ku South Korea makampani othandizidwa ndi boma ankayenera kuonetsa kuti akugulitsa kunja. Mayiko ena ambiri ku Africa ndi ku South America anateteza mafakitale popanda kuwakakamiza kukhwima, ndipo anthu anakhala akugula katundu wokwera mtengo kwa zaka zambiri. Chitetezo nacho chili ndi mtengo wa chosiyidwa, ndipo amaulipira ndi wogula wosauka.

Nanga chakudya?

Masamu osavuta angati ngati ekala ya soya kapena mtedza ibweretsa ndalama zogulira chimanga choposa chomwe ekalayo ikanabala, mlimi asiye chimanga. Alimi ambiri satero, ndipo ali ndi chifukwa. Mtengo wa chimanga umakwera kwambiri m'miyezi ya njala, ndipo chaka cha chilala chimasowa ngakhale kwa yemwe ali ndi ndalama, monga zinachitikira mu 2002. Dziko lopanda doko limalipira zambiri kunyamula katundu wolemera kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, choncho chimanga choitanitsa kutali chimafika chokwera mtengo. Mlimi wosunga gawo la munda wake ku chimanga sakutsutsa Ricardo. Akuwerengera chiopsezo ngati mbali ya mtengo. Misika ikakhala yodalirika, misewu yabwino ndipo malire a mayiko oyandikana osatsekedwatsekedwa, chiopsezocho chimachepa ndipo mlimi amamasuka kulima chomwe chimamupindulira koposa. Apa ndi pomwe mapangano a COMESA, SADC ndi mgwirizano wa malonda wa Africa yonse, womwe unasainidwa ku Kigali mu 2018, angathandize ngati atsatidwa mokhulupirika.

Chigamulo

Mfundo ya Ricardo ndi yolimba pa zomwe imanena: palibe dziko losauka kwambiri moti lilibe chogulitsa, palibe lolemera kwambiri moti silisowa anzake, ndipo kudzitsekera kumachepetsa katundu yemwe anthu angakhale naye. Timagulitsa kunja kuti tithe kugula mafuta, feteleza, mankhwala ndi makina omwe kuwapanga tokha lero kukanatitayitsa zambiri. Koma mfundoyi siisankha yemwe adye phindulo, ndipo siilamula kuti chomwe tikuchita bwino lero tikhale nacho mpaka kalekale. Ziwiri zimenezi zili m'manja mwa nzika ndi atsogoleri awo. Choncho mukamva wina akuti titseke malire, kapena wina akuti titsekule zonse, mufunseni zinthu zitatu: tikusiya chiyani posankha njira imeneyi, ndani ataye ndipo athandizidwa bwanji, komanso ana athu adzakhala ataphunzira kupanga chiyani zaka 20 zikubwerazi. Yemwe sangayankhe mafunso atatuwa sanamalize kuwerengera, ndipo musamupatse chilolezo chosankhira dziko lonse.